Tikuyankheni za Umoyo: Kuchotsa chiberekero pamimba pamene panakonzedwa kale

FUNSO

Ndine mayi wa zaka 44, ndili ndi ana atatu, ndipo ndakhala ku Johannesburg kwa zaka zoposa 10. Ana awiri omaliza ndinabereka pa opaleshoni, ndipo pambuyo pake khungu la pamimba linalendewera kwambiri moti linkapindikira pachinena n'kumachita tizilonda m'nyengo yotentha. Zaka 5 zapitazo ndinasonkhanitsa ndalama n'kukachititsa opaleshoni imene kuno amaitcha tummy tuck. Anachotsa khungu lotsalalo, anasoka minofu ya pamimba, ndipo mchombo anautulutsira pamalo ena. Tsopano ndapezeka ndi zotupa za m'chiberekero. Ndikapita kumwezi ndimataya magazi kwa masiku 9, ndimachita chizungulire, ndipo adokotala akuti chiberekero changa chakula ngati cha mayi wa pakati pa masabata 16, choncho akufuna kuchichotsa. Atandifunsa za chipsera changa, ndinangowauza kuti ndi cha opaleshoni yoberekera, chifukwa ndinachita manyazi. Kodi chiberekero chingachotsedwe bwinobwino pamimba pokonzedwa kale? Kodi zimene ndinalipira zija ziwonongeka? Mnzanga wina akuti opaleshoni ya kamera imalowera pamchombo, ndiye ine mchombo wanga unasunthidwa, zitheka bwanji?

Mayi wodandaula, Johannesburg

YANKHO

Zikomo mayi chifukwa cholemba momasuka chonchi. Yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti inde, chiberekero chingachotsedwe, ndipo amayi ambiri amene anakonzetsa pamimba achitidwapo opaleshoni imeneyi n'kuchira bwino. Koma m'kalata yanu muli chinthu chimodzi chimene chandidetsa nkhawa kuposa chipseracho, ndipo ndicho mawu amene munawauza adokotala. Bwererani mukawauze zonse tsiku la opaleshoni lisanaikidwe. N'kutheka kuti anakayikira kale, popeza chipsera choyambira pafupa la chiuno kukafika pafupa linalo sichifanana ndi cha opaleshoni yoberekera, koma kukayikira sikuwauza zimene zinachitika pansi pa khungu, ndipo zimenezo n'zimene zimasintha malo olowetsera zipangizo. Mayi amene khungu linkamuchititsa zilonda n'kupita kukalichotsetsa sanachite chinthu chochititsa manyazi, ndipo ngakhale akanachita zimenezo chifukwa chongofuna kuoneka bwino, thupi ndi lake.

Kuti mumvetse chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika, tiyeni tione zimene dokotala woyamba uja anachita. Pa tummy tuck, amacheka m'munsi mwa mimba mopingasa, kenako amasenda khungu pamodzi ndi mafuta ake kulilekanitsa ndi minofu mpaka kufika chakunthiti. Minofu iwiri yoimirira ya pamimba, imene imatalikirana mayi akakhala ndi pakati kangapo, amaiyandikizitsa n'kuisoka pakati, ndipo nthawi zambiri amagwiritsa ntchito ulusi wosasungunuka. Khungu amalikokera pansi, lotsala amalidula, ndipo mchombo, umene amausiya uli chigwirire ku phesi lake, amautulutsira pabowo latsopano. Chofunika kuchidziwa n'chakuti ntchito yonseyi imachitikira kunja kwa nembanemba imene imakuta matumbo ndi chiberekero. Choncho tummy tuck payokha kawirikawiri siichititsa kuti ziwalo zam'kati zimatirirane. Kwa inu, kumatirirana kotereku kukapezeka, gwero lake lidzakhala maopaleshoni awiri oberekera aja, makamaka pamene chikhodzodzo chimagundana ndi kumunsi kwa chiberekero. Madokotala a matenda a amayi amakumana ndi zimenezo tsiku ndi tsiku ndipo amadziwa kulekanitsa ziwalozo mosamala.

Chimene tummy tuck imasintha ndi khoma la mimba, ndipo imalisintha m'njira zimene diso silingaone. Posenda khungu paja, timitsempha ta magazi timene tinkachoka m'minofu kudzadyetsa khungu la pakati pa mimba timadulidwa, ndipo khungulo limayamba kudalira magazi ochokera m'mbali, cha kunthiti ndi m'chiuno. Pakapita nthawi timitsempha tatsopano timamera, ndipo zaka 5 ndi nthawi yaitali ndithu, komabe khungu la pakati, pamwamba pang'ono pa chipsera, limakhalabe malo amene bala latsopano lingachedwe kupola. Mchombo nawo umadalira kwambiri magazi odzera m'phesi lake lija, moti ukachekedwa mosasamala ukhoza kuda n'kufa. Komanso mchombo ndi chizindikiro chimene madokotala amayerekezera nacho pamene pali mitsempha ikuluikulu ya magazi imene imadutsa kutsogolo kwa msana. Ngati unasunthidwa, kapena ngati unachotsedwa n'kupangidwa wina wongofanizira, monga mmene zimachitikira nthawi zina, dokotala amene akuukhulupirira ngati wachibadwa akhoza kusokera.

Tsopano tibwere ku mawu a mnzanu aja. N'zoona kuti pa opaleshoni ya kamera, imene madokotala amaitcha laparoscopy, khomo loyamba kawirikawiri limakhala pamchombo. Amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti khoma litukuke n'kusiya malo ogwiriramo ntchito, kenako amalowetsa kamera ndi zipangizo pa timabowo ta mamilimita 5 mpaka 12. Njira imeneyi yochotsera chiberekero inayamba kufalikira dokotala wa ku America, Harry Reich, atafotokoza za opaleshoni yake mu 1989. Koma mchombo si khomo lokhalo. Pali malo ena kumanzere, pafupifupi masentimita 3 pansi pa nthiti yomaliza, amene amatchedwa Palmer's point potengera dzina la Raoul Palmer, dokotala wa ku France, ndipo madokotala amalowera pamenepo akaona kuti pamchombo sipodalirika. Akalowa ndi kamera kumeneko, timabowo tinato amatiboola akuona zimene zili m'kati, ndipo tina angathe kutiika pa chipsera chakale chomwecho kuti pasaoneke zipsera zambiri. Pano ndionjezepo kachinthu kamene kamakhudza ife amene tinakulira kumadera a malungo: malo amenewa ali pafupi ndi kapamba (spleen m'Chingelezi), ndipo sagwiritsidwa ntchito ngati kapamba ndi wotupa. Ngati munauzidwapo kuti muli ndi vuto limenelo, litchuleni, ndipo sikani ingatsimikizire.

Vuto lina la opaleshoni ya kamera pamimba posokedwa ndi lakuti khoma limakhala lokungika, ndipo silifufuma bwino mpweya ukapoperedwa. Malo ogwiriramo ntchito amachepa. Kwa mayi wa chiberekero chaching'ono zimenezi sizivuta kwenikweni, koma chanu chafika pakati pa chinena ndi mchombo, ndipo chiberekero chachikulu m'malo opanikizika chimafuna dokotala wozolowera kwambiri njirayi. Choncho musachite mantha kuwafunsa adokotala anu ngati anachitapo opaleshoni yotere kwa mayi amene anakonzetsa pamimba, ndiponso zimene adzachite akaona kuti malo sakukwanira. Dokotala wabwino sakhumudwa ndi funso limenelo. Dziwaninso kuti opaleshoni iliyonse ya kamera ikhoza kusinthidwa ili m'kati n'kukhala yotsegula pamimba, ndipo pa chikalata chimene mudzasainire padzalembedwa zimenezo.

Njira imene siikhudza n'komwe khungu la pamimba ndi yochotsera chiberekero kudzera m'njira yoberekera. Bungwe la madokotala a amayi la ku America, la American College of Obstetricians and Gynecologists, limalimbikitsa njira imeneyi pamene zili zotheka, chifukwa mayi amachira msanga ndipo mavuto amakhala ochepa. Ndikudziwa kuti mungaikonde pomva zimenezi, koma sindikufuna kukupatsani chiyembekezo chopitirira. Chiberekero chikaposa msinkhu wa pakati pa masabata 12, ndipo mayi anaberekapo pa opaleshoni kawiri, njirayi imavuta, ngakhale kuti alipo madokotala aluso amene amaikwanitsa. Nthawi zina amayamba apereka jakisoni wa mankhwala monga goserelin kwa miyezi pafupifupi itatu, amene amaimitsa msambo ndi kufwetsako zotupa. Mankhwalawa amabweretsa kutentha thupi ndi thukuta ngati la mayi wosiya kusamba, koma amathandiza pawiri: chiberekero chimachepako, ndipo magazi amene munataya amapeza mpata wobwerera.

Ngati adokotala asankha kutsegula pamimba, musaone ngati mwagonja. Kawirikawiri amadzera pakatikati pa chipsera chakale chija, popeza chili pamalo omwewo pamene amacheka pochotsa chiberekero, ndipo safunika kuchitsegula chonse. Pofuna kudutsa pakati pa minofu, akhoza kudula ulusi wina wa kumunsi umene dokotala woyamba anasoka, ndipo apa ndi pamene kudziwiratu kumathandiza, chifukwa potseka angathe kubwezeretsa msokowo mwadala m'malo mongotseka monga mwa masiku onse. Ena amapempha dokotala wokonza maonekedwe a thupi kuti adzakhalepo potseka bala, ndipo ngati mukulipira nokha kapena kudzera mu medical aid, funsiranitu ngati ndalama yake idzawerengedwa. Kucheka kotsika kuchokera pamchombo kumasungidwira chiberekero chachikulu kwambiri kapena pamene akukayikira khansa. Kucheka kumeneku kukakumana ndi chipsera chopingasa, pamphambano pake ndi pamene pamavuta kupola, ndiponso kumasiya chipsera choonekera. Komabe ngati adokotala atanena kuti pali chikayikiro cha khansa ndipo njira yotetezeka ndi imeneyo, ine ndingakulangizeni kuvomera mosazengereza. Chipsera chikhoza kukonzedwanso chaka china.

Za funso lanu lakuti kodi ndalama zanu zapita pachabe, ndinganene kuti kwa amayi ambiri maonekedwe a pamimba sasintha kwenikweni. Khungu limene linadulidwa silibwerera, ndipo msoko wa minofu wa kumtunda kwa mchombo sukhudzidwa. Pamimba padzatupa kwa masabata angapo kapena miyezi, makamaka madzulo, ndipo panthawi imeneyo mungaganize kuti zonse zawonongeka, koma kutupako kumatha. Kwa inu n'kuthekanso kuti kumunsi kwa mimba kudzaphwa kuposa lero, popeza chiberekero chotupacho n'chimene chikukankha khoma panopa. Chimene sitingalonjeze ndi mmene chipsera chidzapolere. Ife a khungu lakuda zipsera zathu zimakonda kuda kapena kutukuka, ndipo mmene chipsera chanu choyamba chinapolera ndi chizindikiro chabwino cha zimene mungayembekezere. Chipsera chimatenga chaka kapena chaka ndi theka kuti chikhazikike, choncho musachiweruze msanga.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani iyi chitseko choyamba kugogoda ndi cha dokotala amene anakukonzani pamimba. Pemphani lipoti la opaleshoni ija. Lipotilo liyenera kunena ngati minofu inasokedwa ndi ulusi wanji, ngati anaikamo kaukonde kolimbitsa khoma kamene amati mesh, ngati mchombo unasiyidwa pa phesi lake kapena unadulidwa, ngati anapopanso mafuta, ndiponso ngati anakonza hernia ya pamchombo, kutanthauza kutumphuka kwa zam'mimba pamalo ofooka a khoma, nthawi yomweyo. Musachedwe nazo, chifukwa malangizo a bungwe loyang'anira madokotala ku South Africa, la Health Professions Council of South Africa, amati mafayilo a odwala asungidwe kwa zaka zosachepera 6 kuchokera pamene anasiya kugwiritsidwa ntchito, ndipo inu mwatsala pang'ono kufika pamenepo. Lipoti likapanda kupezeka, opaleshoni idzachitikabe, koma adokotala adzadalira zimene inu mukukumbukira, choncho lembani papepala zonse zimene munauzidwa panthawiyo.

Chizungulire chimene mwatchula chikusonyeza kuti magazi anu achepa. Kwa mayi amene alibe pakati, mlingo wa haemoglobin (chimene chimafiiritsa magazi) wochepera 12 umawerengedwa kuti ndi kuchepa kwa magazi, ndipo kulowa m'chipinda cha opaleshoni magazi ali otsika kumachititsa kuti mufunike kuikidwa magazi ndiponso kuti bala lichedwe kupola. Imwani mapiritsi a iron monga mwauzidwira, ndipo ngati akukuvutani m'mimba, funsani za iron wodzera mu diripi. Ngati mumasuta fodya, lekani masabata osachepera anayi tsiku lisanafike, chifukwa fodya amafinya timitsempha tomwe tija timene khungu lanu likudalira. Matenda a shuga nawo ayenera kukhala atatsika bwino.

Musanasainire, mumvetsetse zimene zikuchotsedwa. Kuchotsa chiberekero sikutanthauza kuchotsanso timatumba ta mazira. Pa zaka 44, timatumbati tikasiyidwa mudzasiya kupita kumwezi koma thupi lidzapitiriza kupanga mahomoni ake, pamene tikachotsedwa zizindikiro za kusiya kusamba zimayamba nthawi yomweyo. Funsaninso ngati khomo la chiberekero lidzachotsedwa, chifukwa likatsala muyenera kupitiriza kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Ndipo ngati mumtima mwanu simunatsimikize, muli ndi ufulu wofunsa za njira zina, monga kuchotsa zotupa zokha kapena kutseka mitsempha imene imazidyetsa magazi, njira yomalizayi ikuchitika popanda kucheka pamimba.

Mukatuluka m'chipatala, kumbukirani chinthu chimodzi chimene amayi okonzetsa pamimba amaiwala. Khungu la pakati pa mchombo ndi chipsera limakhala ladzanzi kwa ambiri, ena mpaka kalekale. Botolo la madzi otentha likaikidwa pamenepo pofuna kuziziritsa ululu likhoza kukuwotchani inu osamva kanthu, ndipo mafinya akhoza kuyamba popanda kupweteka kokuchenjezani. Choncho bala muziliona ndi maso tsiku lililonse, pagalasi ngati pangafunike. Musanyamule zolemera kwa masabata 6, ndipo za m'banja mudikire mpaka adokotala atatsimikiza kuti msoko wam'kati wapola. Yambani kuyenda pang'onopang'ono kuyambira tsiku lotsatira opaleshoni kuti magazi asaundane m'miyendo. Thupi likatentha, bala kapena mchombo zikayamba kuda ndi kununkha, mwendo umodzi ukatupa, mpweya ukayamba kubanika, kapena magazi akamatuluka kwambiri, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.

FUNSO

Ine ndimakhala ku Leeds ndipo ndinakachititsa tummy tuck ku Istanbul miyezi 7 yapitayo. Nditabwerako, andiuza kuti ndili ndi adenomyosis ndipo andiika pamndandanda woyembekezera kuchotsedwa chiberekero. Kodi sikufulumira kwambiri kuchitidwa opaleshoni ina? Mapepala onse amene ndinapatsidwa ndi a m'chinenero cha ku Turkey.

Mayi wa ana awiri, Leeds

YANKHO

Mayi, adenomyosis ndi vuto limene nembanemba yam'kati mwa chiberekero imamera m'minofu ya chiberekerocho, ndipo limabweretsa ululu waukulu ndi kutaya magazi ambiri, koma si khansa ndipo kawirikawiri silifuna kuthamangira. Zimenezi zikukupatsani mpata. Pa miyezi 7 bala lakunja linapola, koma chipsera chikadali kukhwima ndipo timitsempha ta khungu tikadali kumera, choncho ngati opaleshoni ingadikire kuti chaka chikwane popanda kuika moyo wanu pachiswe, khoma la mimba lidzakhala lokonzeka bwino. Woyenera kugamula ndi dokotala amene wakuonani, ndipo ngati magazi akutsika kwambiri iye akhoza kuona kuti kudikira n'koopsa kuposa kuchita. Podikirapo, funsani za lupu ya mahomoni monga Mirena, kapena mapiritsi a tranexamic acid amene amachepetsa magazi pa masiku a msambo. Chiberekero cha adenomyosis nthawi zambiri sichikula ngati cha zotupa zikuluzikulu, ndipo ngati ana anu awiri munabereka mwachibadwa, funsani mwachindunji ngati chingachotsedwe kudzera m'njira yoberekera, chifukwa potero pamimba panu sipadzakhudzidwa.

Za mapepalawo, lemberani chipatala cha ku Istanbul kuti akutumizireni lipoti la opaleshoni m'Chingelezi, kapena perekani amene muli nawowo kwa womasulira wovomerezeka. Musadalire kumasulira kwa pafoni pa nkhani ya ulusi ndi mesh. Perekani kope kwa GP wanu, dokotala wanu wa nthawi zonse, kuti lilowe m'fayilo yanu, ndipo lina mupite nalo nokha tsiku lokaonana ndi madokotala opaleshoni isanachitike.

FUNSO

Adokotala andiuza kuti ndichotsedwe chiberekero chaka chino, ndipo ine ndakhala ndikufuna kukonzetsa pamimba kuyambira kale. Kodi sizingatheke kuchita zonse tsiku limodzi kuti ndigonekedwe kamodzi?

Wowerenga wanu, Lilongwe

YANKHO

Zimatheka, mayi, ndipo m'zipatala zina zolipira madokotala awiri amagwira ntchitoyi motsatizana, wa matenda a amayi kuyamba ndipo wokonza maonekedwe a thupi kumaliza. Koma kuphatikiza kumatalikitsa nthawi imene muli mtulo ta mankhwala, kumachulukitsa magazi otayika, ndipo kumakweza chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'miyendo ndi m'mapapo, chimene pa tummy tuck chimakhala chokwera kale poyerekeza ndi maopaleshoni ena okonza maonekedwe. Ngati magazi anu ndi ochepa, ngati muli ndi matenda a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, ngati thupi ndi lolemera kwambiri, kapena ngati pali chikayikiro chilichonse cha khansa, ine sindingakulimbikitseni. Yambani ndi chiberekero, muchire, magazi abwerere, ndipo pakatha miyezi ingapo muone mmene pamimba pakhalira chotupacho chitachoka. Mukadzasankhabe kukonzetsa, dokotala wachiwiriyo adzacheka pamalo omwewo, ndipo kawirikawiri chipsera cha opaleshoni yoyamba chimachotsedwa pamodzi ndi khungu lodulidwalo.